Bulaketi ya winchi yochotseka ya kumbuyo kwa galimoto: mafunso ndi mayankho

Ndapangapo mabulaketi (zitsulo zomangapo winchi) atatu a mtunduwu, awiri anga, imodzi ya mnzanga, ndipo yoyambayo inapindika, nkhani yake ili mmunsimu. Anthu akaona winchi, makina okulunga chingwe okokera galimoto yotitimira aja, ili kumbuyo kwa galimoto mafunso amakhala omwewo omwewo, nde ndangoti ndilembe kamodzi. Ine si injiniya ayi, ndimangodziwa kuwotcherera ndi kutitimira m'matope basi.

Winchi kumbuyo ndi yachani, ya kutsogolo sikukwana?

Imakwana nthawi zambiri, koma taganizani: mwalowa m'dambo, mphuno ya galimoto yamira, kutsogoloko matope akupitirirabe mamita enanso ambiri pomwe kumbuyo komwe mwachokera kuli pouma pafupi pomwepa. Winchi yakutsogolo ikukokerani mkati mwenimweni mwa vuto. Yakumbuyo imakubwezani m'mapazi mwanu momwe munadutsa kale, komwe mukudziwa kuti pansi ndi polimba. Ndiye ubwino wa yochotseka ndi woti winchi ndi imodzi yomweyo, mukakhala ndi receiver (paipi ya sikweya yomangidwa ku galimoto yolowetsamo bulaketi) kutsogolo ndi kumbuyo mumangoisamutsa, komanso masiku oyenda pa tala imakhala m'nyumba, osanyowa, osalemetsa galimoto, osakopa akuba.

Kuipa kwake ndikuuzirenitu, imalemera, ndipo mumainyamula nthawi yoipa, muli m'matope ofika m'mawondo.

Bulaketiyo imakhala ndi zidutswa zanji?

Zinayi basi. Puleti yomwe winchi imakhalapo. Chitsulo cha sikweya chomwe chimalowa mu receiver, ine ndimachitcha mchira. Puleti yoimirira yomangapo fairlead, kachitsulo kamene chingwe chimadutsira kaja. Ndi zogwirira ziwiri m'mbali. Zina zonse ndi tizitsulo ta makona atatu tolimbitsa m'mangodya, ma gusset aja.

Receiver yofala kwambiri ndi ya mainchi 2, kutanthauza mamilimita 50.8 mkati mwake, ndipo pini yake ndi ya 5/8 ya inchi, pafupifupi mamilimita 16. Palinso ya mainchi 2.5 pa mapikapu akuluakulu. Muyeze yanu kaye musanagule chitsulo, chifukwa paipi ya sikweya ya mamilimita 50 ndi ya mainchi 2 sizofanana ndendende, ya 50 imalowa mosavuta koma imagwedera pang'ono.

Chitsulo chikhale chokhuthala bwanji?

Puleti ya winchi isachepere mamilimita 6, ndipo ine ndimakonda 8. Ena amaika 10, sizolakwa, koma mudzaikumbukira poinyamula. Chimene chimalimbitsa puleti kwambiri si kukhuthala kokha ayi, ndi kupinda m'mphepete. Puleti ya 6 yopindidwa milomo kutsogolo ndi kumbuyo ngati thireyi imakana kupindika kuposa ya 8 yongoti thyathyathya. Ngati mulibe makina opindira, wotchererani angle iron m'mphepetemo, zimagwira ntchito yomweyo.

Mchira ndiye musanyengerere. Paipi ya sikweya ya khoma la mamilimita 6 kupita mtsogolo, kapena chitsulo chopanda bowo mkati ngati mungapirire kulemera. Paipi yopangira mageti kapena matebulo ija ya khoma la 2 kapena 3, ayi ndithu, olo itaoneka yolimba bwanji m'manja. Mild steel wamba ndi wabwino, amawotchereka mosavuta ndipo akalemedwa amayamba wapindika kaye, kukuchenjezani. Zitsulo zotola zomwe simukudziwa mtundu wake, monga masipuling'i akale kapena ekiselo, zisiyeni, zimang'ambika pambali pa weld mosachenjeza.

Mchira utalike bwanji? Ndikufuna chitseko chakumbuyo chizitseguka winchi ili pomwepo

Apa ndi pamene pali nkhani yonse, ngati mukuwerenga mothamanga bola muwerenge pano pokha.

Ufupike mmene mungathere. Winchi iyandikire kukamwa kwa receiver mpaka pongotsala malo oti zala zilowe pochotsa pini. Chifukwa chake mukuchidziwa kale ngati munamasulapo nati ya thayala yokanika: mumatenga paipi kulumikiza pa sipanala, mphamvu yanu yomweyo nati n'kugonja. Mchira wautali ndi paipi imeneyo, ndipo nati yomwe ikugonja ndi receiver yanu kapena mchira womwewo pomwe watulukira. Chingwe chikamakoka molunjika palibe vuto kwenikweni, katundu yense amathera pa pini. Koma kutchire mtengo womangako sukhala kumbuyo kwenikweni, umakhala chakumbali. Chingwe chikapendekeka ndi madigiri 30, theka la mphamvu yokokayo limakankhira bulaketi kumbali, ndiye ngati winchi ikukoka matani 4, matani 2 akupinda mchira wanu cham'mbali. Onjezani masentimita 40 a utali, muona kuti paipi ya sikweya ija siinapangidwire zimenezo.

Yanga yoyamba ndinaitalikitsa dala ndi masentimita ngati 25 kuti ndizitsegula chitseko, ndimadziona wanzeru. Tsiku lake linafika, galimoto ili m'ngalande tayala lakumanzere lamira mpaka pa hub, mtengo uli chakumanja, ndadina rimoti, winchi yalira bwinobwino kenako liwu lasintha, ndikumva kuti tse tse tse, ndimvekere ndi chingwe chikukhazikika pa dramu yake yokulungapo, osadziwa ndi penti ikusweka pa mchira. Nditapita kukaona winchi inali itayang'ana kumtengo kuja ngati galu womvera mluzu, mchira wapindika pakamwa penipeni pa receiver, ndipo kuutulutsa kunatenga hamala yaikulu ndi ola lathunthu mawa lake. Mwayi unali woti unapindika osaduka.

Chinanso chomwe ambiri amaiwala ndi msinkhu. Mukakhazika winchi pamwamba pa mchira, chingwe chimatuluka chili m'mwamba kuposa pakati pa receiver, nde olo mukoke molunjika bulaketi imafuna kugwada. Yesetsani kuti pomwe chingwe chikutulukira pakhale pafupi ndi mzere wa mchira. Pa yachiwiri ndinalowetsa mchira pansi pa puleti yonse mpaka kukafika ku puleti ya fairlead, osangoulumikiza kumapeto, kenako ma gusset mbali zonse ziwiri. Chitseko sichitseguka winchi ilipo, zoona, koma ndimangotulutsiratu zomwe ndikufuna ndisanaiike.

Ngati galimoto yanu ndi yolemera kwambiri kapena mumakoka pafupipafupi, ganizirani za michira iwiri, receiver imodzi pa mbali iliyonse ya chasisi. Ntchito yochuluka, kuilunjikitsa kuti ilowe limodzi n'kovuta, koma kupindikira kumbali kumatheratu.

Towbar, chitsulo chokokera ngolo chija, yomwe ilipo kale ipirira?

Werengani kasitika kake. Pa muyezo wa zokokera ngolo wotchedwa SAE J684, Class 3 ndi yokoka mpaka mapaundi 5000 ndipo Class 4 mpaka 10000, koma manambala amenewo ndi a ngolo yoyenda pa matayala, osati galimoto yomatirira m'matope. Winchi ya mapaundi 9500 ikhoza kudutsa zomwe towbar yaing'ono inapangidwira. Ndiye lowani pansi ndi tochi muone mmene inagwirira ku chasisi: mabawuti angati, a giredi yanji, ndipo chasisiyo pamenepo ili bwanji. Gogodani ndi hamala, chitsulo chabwino chimalira ngwee, chodyeka ndi dzimbiri chimangoti phu n'kugwetsa makoko. Towbar yomangidwa pa bampala yokha kapena pa bodi, iwalani.

Ndipo chonde, mpira wa towbar uja wokolekapo ngolo si pomangira chingwe chokokera galimoto yotitimira. Umaduka pakhosi n'kuuluka ngati mwala wa legeni, ndipo anthu anafapo nazo zimenezi. Pini nayonso ikhale yeniyeni yopangidwira receiver, osati bawuti yomwe mwaipeza m'bokosi.

Ndikhoza kuwotcherera receiver ku chasisi molunjika?

Ine sindichita. Ndimapanga chitsulo chopingasa cholumikiza mbali ziwiri za chasisi, chokhala ndi mapuleti, n'kumanga ndi mabawuti m'mabowo omwe alipo kale. Ngati bawuti ikudutsa chasisi ya bokosi, ikani kapaipi mkati kuti pomanga makoma asaphwanyike. Musaboole kapena kuwotcherera pamwamba kapena pansi pa chasisi pomwe imapindikira ikalemedwa, mng'alu umayambira pamenepo. Mukakakamizika kuwotcherera pa galimoto, chotsani batire kaye, kilampu ya earth ikhale pafupi ndi pomwe mukuwotcherera, ndipo kumbukirani kuti magalimoto ambiri thanki ya mafuta ili kumbuyo komweko.

Mabowo a winchi ndiboole motani?

Mawinchi ambiri a pakati pa mapaundi 8000 ndi 12000 ali ndi mabowo anayi otalikirana mainchi 10 ndi 4.5, kapena mamilimita 254 ndi 114. Fairlead nayo mabowo ake amatalikirana 254. Komabe musakhulupirire ine, tembenuzani winchi yanu, ikani katoni, dindani mabowo, ndiye musamutsire pa chitsulo. Boolani mutamaliza kuwotcherera, chifukwa moto umakoka chitsulo ndipo mabowo oboolatu amasuntha pang'ono. Puleti ikhale yosalala, winchi yomangidwa pa puleti yopotoka imapotokanso, dramu n'kumalimba pozungulira.

Mabawuti ndi M10 a giredi 8.8 kapena kuposa, nambala imalembedwa pamutu. Samalani utali wake: manati amakhala m'timatumba ta m'miyendo ya winchi, bawuti yaitali kwambiri imadutsa n'kukagunda thupi la winchi, inu mumvekere yalimba pomwe puleti siinagwire, ndipo mwendowo ukhoza kusweka poti ambiri ndi a aluminiyamu. Yaifupi nayo siidzaza nati. Ngati mwasintha kukhuthala kwa puleti, utali wa bawuti usinthenso.

Bowo la pini muliyeze mchira uli mkati mwa receiver, lembani ndi maka kudzera m'bowo lomwelo. Kumbuyo kwa bowo kutsale chitsulo chokwanira, lisakhale kumphepete. Ngati mchira ndi wa paipi, wotchererani kapaipi mkati mwa bowolo kuti lisamatambasuke n'kukhala ngati dzira.

Makina anga owotcherera ndi ang'ono, atheka?

Kaya. Funso ndi loti weld ikulowa mkati mwa chitsulo kapena ikungokhala pamwamba ngati phula. Pa chitsulo cha 6 mpaka 8 muyenera kusema m'mphepete ndi girayinda kuti pakhale ngalande ya V, kuchotsa dzimbiri ndi kachikopa kakuda ka pamwamba mpaka chitsulo chiwale, kenako kudutsa kawiri katatu. Ndi makina owotcherera a sitiki, marodi a 7018 ndi abwino pa ntchito yolemera ngati iyi koma amafuna kusungidwa pouma, akanyowa weld imatuluka ndi timabowo. A 6013 ndi osavuta kuyatsa, amaoneka bwino, koma salowa kwambiri. MIG (makina owotcherera ndi waya wotuluka wokha) yaing'ono ndiye yonyenga kwambiri, imatulutsa weld yokongola yomwe siinagwire n'komwe.

Yesani chonchi: wotchererani zidutswa ziwiri zotsala za chitsulo chomwecho, manga pa vayisi, menyani ndi hamala mpaka zipindike. Chikapindika chitsulo weld ili chilili, pitirizani. Ikathyoka weld n'kuona mkati mwake chitsulo chosasungunuka, dulani zidutswa zanu, zigwirizitseni ndi timadontho, mupite nazo kwa wowotcherera wodziwa akamalize. Palibe chamanyazi. Ndipo musawotcherere chitsulo cha galvanize osapala kaye, utsi wa zinki umadwalitsa.

Malo amodzi oti mupewe: weld yodutsa mopingasa pa mchira pafupi ndi kukamwa kwa receiver. Pamenepo ndi pomwe pamalemedwa kwambiri, ma weld anu ayende motsata utali wa mchira.

Winchi ya saizi yanji?

Lamulo lomwe aliyense amatchula ndi kulemera kwa galimoto itadzaza kuchulukitsa ndi 1.5. Galimoto ya makilogalamu 2800 ikufuna pafupifupi 4200, yomwe ndi winchi ya mapaundi 9500, poti 9500 ndi makilogalamu 4300 ndi pang'ono. Koma pa bulaketi yochotseka kukula si ubwino nthawi zonse, ya 12000 ili ndi mphamvu yothyola zomwe yamangidwapo ndipo msana wanu udandaula. Ine ndinaima pa 9500 ndi snatch block (kawilo kozungulitsapo chingwe) m'chikwama.

Kumbukiraninso kuti nambala yolembedwa pa winchi ndi ya pamene chingwe chili pa mzere woyamba wa dramu. Chikamadzazana mphamvu imatsika mzere uliwonse, nde ndi bwino kutulutsa chingwe chambiri, kungosiya mapindi osachepera 5 ngati ndi chawaya, ndi ochulukirapo ngati ndi cha synthetic (cha ulusi wolimba wapulasitiki) poti chimaterera.

Magetsi ndiwafikitsa bwanji kumbuyo?

Iyi ndi mbali yomwe imadya ndalama kuposa chitsulo, ndipo ndi yomwe anthu amabera. Winchi ya 9500 ikalemedwa kwambiri imakoka maampu 400 kapena kuposa. Batire ili kutsogolo, winchi kumbuyo, ndi mamita 6 kupita, 6 kubwerera, 12 yonse. Ndi waya wa kopa wa 35mm² mumataya mavoti pafupifupi 2.4 m'njira pa maampu 400, ndi wa 50mm² pafupifupi 1.7. Pa mavoti 12 kutaya 2.4 si masewera, mota imafooka, imatentha, solenoid, swichi yoyatsa mota ija, imayamba kuchita tchetchetche. Ndiye 35 ndi pongoyambira, 50 ndi pabwino, ndipo akhale wa kopa weniweni, osati aluminiyamu wopakidwa kopa uja wopepuka m'manja. Waya wa welding ndi wabwino chifukwa ndi wofewa popinda. Majampa osayerekeza n'komwe.

Negative nayo ibwerere ku batire ndi waya wofanana kukula. Ndikudziwa ena amangomanga ku chasisi n'kumati zikuyenda, eya zimayenda mpaka tsiku lomwe kawaya ka earth ka fakitale kayamba kufuka utsi.

Kumapeto ikani pulagi ya Anderson, SB350 ngati winchi ndi yaikulu, ambiri amagwiritsa SB175 ndipo pa kukoka kwakufupi imapirira, koma ine ndinasankha yaikuluyo. Igulireni kachivindikiro ka labala, matope akalowamo ndi zina. Chofunika kwambiri ndi swichi ya isolator pafupi ndi batire penipeni, kuti waya wautaliwo ukhale wakufa nthawi yonse yomwe simukukoka. Taganizani waya wonenepa ngati chala, wamoyo, ukukhulana ndi chasisi pafupi ndi paipi ya mafuta kwa chaka chonse. Udutse mkati mwa conduit (kapaipi kotetezera waya), kutali ndi ekizozi ndi masipuling'i, umangidwe pafupipafupi, ndipo paliponse pobowola chitsulo pakhale labala. Pokoka injini ikhale ikulira, ndipo muzipumitsa, mota ikatentha moti dzanja silingakhalepo siyani kaye.

Chingwe chawaya kapena cha synthetic?

Pa yochotseka, synthetic, chifukwa cha kulemera kokha mkangano watha, imachotsa makilogalamu ngati 10 pa chinthu chomwe muzinyamula ndi manja. Ikaduka siikwapula moopsa ngati waya. Koma imadana ndi miyala yakuthwa, mchenga ndi kutentha, ndipo mawinchi ambiri buleki yawo ili mkati mwa dramu, mukamatsitsa katundu ndi mota kwa nthawi yaitali dramu imatentha. Fairlead yake ndi yosalala ya aluminiyamu, yamarola ija ndi ya waya, ndipo bowo la puleti yanu likule kuposa la fairlead kuti chingwe chisakhudze chitsulo chomwe munadula ndi girayinda. Onaninso muvi wa pa winchi wosonyeza mbali yokulungira, mukakulunga mosemphana buleki siigwira.

Snatch block imachulukitsa katundu pa bulaketi?

Zimatengera komwe mwakoleka mbedza. Chingwe chikapita ku mtengo, kuzungulira pa snatch block, n'kubwerera ku recovery point (pokolekera polimba) ina ya pa chasisi, mphamvu yokoka galimoto imawirikiza kawiri koma bulaketi ikungomva theka. Apa ndiye mwaithandiza. Mukabweza mbedza n'kukoleka pa bulaketi yomweyo, katundu yense wawiriyo ali pa pini imodzi ija. Nchifukwa chake ine sindiika pokolekera shackle (kachitsulo kolumikizira chingwe) pa bulaketi olo anthu amati zimaoneka bwino, ukaika tsiku lina udzagwiritsa ntchito.

Snatch block imathandizanso kuwongola mzere, mtengo ukakhala kumbali mumatha kupatutsa chingwe kuti chichoke pa galimoto molunjika. Pamtengo gwiritsani lamba wotakata, osazunguliza chingwe, ponyani bulangeti kapena jekete lolemera pakati pa chingwe, magolovesi m'manja, ndipo oonerera aime patali kuposa utali wa chingwecho.

Ndingayende nayo ili kumbuyo?

Pamsewu ayi, imabisa nambala ndipo mwina magetsi, komanso wokugundani kumbuyo zimuipira kwambiri. Kutchire nakonso imakhula pansi potsika chitunda chifukwa imatulukira kunja. Muiike mkati, koma yomangidwa, makilogalamu 40 osamangidwa galimoto ikagubuduka ndi chinthu choopsa. Ine ndinamangirira kachidutswa ka receiver pansi m'buti, imalowa momwemo ndi pini yake.

Zogwirira ndi penti?

Chitsulo chozungulira cha mamilimita 16, chotakata moti dzanja la golovesi lilowe, ndipo muike winchi kaye n'kupeza pomwe ikulemera mofanana, mbali ya mota imalemera kuposa inayo. Penti: primer kenako iliyonse yolimba, koma mchira upakeni mopyapyala, mukaunjika sulowa.

Ndidziwa bwanji kuti yalimba ndisanapite nayo kutchire?

Musadikire matope kuti akuyesereni. Pezani malo otsetsereka pang'ono ndi mtengo wolimba, kokani galimoto ili mu nyutralo, izi zimathandizanso kuti chingwe chatsopano chikulungike molimba. Kenako onjezerani katundu pang'onopang'ono, wina akhale mkati akuponda buleki mopepuka, inu muli pambali patali ndi rimoti. Mukamaliza masulani zonse muyang'ane: penti yosweka pambali pa weld, bowo la pini lomwe layamba kutalika, pini yopindika, mchira womwe dzulo umalowa bwino lero ukufuna hamala. Ikani rula yachitsulo pa mchira ndi pa puleti muone ngati kuwala kukudutsa pansi. Ine ndimayesa ndisanapake penti yomaliza kuti mng'alu uoneke, ndipo mabawuti a winchi ndi a towbar ndimawamanganso ndikakoka koyamba, pa yachitatu ija awiri anali atamasuka pafupifupi kota ya kuzungulira.